Ndalama yosamalira mwana ikasiya kukwanira: mmene mungabwererere kukhoti kukapempha kuti ikwezedwe

Mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, anawina mlandu mu 2021. Khoti linalamula bambo wa mwana wake kuti azipereka K30,000 pamwezi, ndipo pa nthawiyo ndalamayo inkagula ufa, ndiwo ndi sopo, n'kutsalako ya kusukulu yamkaka. Patapita zaka zitatu, ndalama yomweyo inkatha mwezi usanafike pakati. Nditamufunsa chifukwa chimene sankabwererera kukhoti, anandiyankha kuti: "Achemwali, mlandu uja unatha kale. Ukagamulidwa wagamulidwa."

Amayi ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndipo zimandiwawa chifukwa akuvutika ndi matenda oti mankhwala ake alipo. Mlandu wa chisamaliro cha mwana sufanana ndi mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni, woti ukalipira watha. Mwana akukula, zinthu zikukwera mtengo, ntchito zikupezeka ndipo zina zikutha. Lamulo la ana la mu 2010, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, limapatsa khoti mphamvu yosintha chigamulo chake ngati kholo kapena munthu amene akusunga mwanayo wapempha. Pamwamba pa lamuloli pali gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limati mwana aliyense ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena banja linatha.

Taonani zimene zinachitikira ndalama ya mng'ono wangayo. Mu 2021 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa pafupifupi K800 kubanki. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700. K30,000 imene inali madola 37 inasanduka madola osakwana 18. Bambo uja sanadumphitse mwezi, koma mwana wake ankalandira theka la chimene khoti linafuna kuti azilandira.

Ndikulemba ngati ndikuyankhula ndi mayi chifukwa nthawi zambiri amene amatsala ndi ana ndi amayi. Koma bambo amene akulera yekha ana, agogo kapena azakhali amene anasiyiridwa mwana, njira yake ndi yomweyi.

1. Pezani chigamulo choyamba chija

Musanapite kulikonse, fufuzani pepala la chigamulo. Pamafunika nambala ya mlandu, chaka chake, dzina la khoti ndi ndalama imene inatchulidwa. Ngati linatayika kapena linanyowa ndi mvula, pitani kwa kalaliki wa khoti lomwe linaweruza, mumupatse maina a nonse awiri ndi chaka, akufufuzireni fayilo.

Mwina simunafikeko kukhoti. Munagwirizana pamaso pa ankhoswe, kwa amfumu, ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare. Ngati zili choncho, palibe chigamulo choti chisinthidwe, ndiye mukatsegula mlandu watsopano wopempha chisamaliro. Pepala limene munasainirana kumeneko litengeni ndithu, lidzasonyeza kuti mnzanuyo anavomera kale udindo wake.

Musasakanizenso nkhani ziwiri. Ngongole ya miyezi imene sanapereke ndi nkhani ina, kukweza ndalama ndi nkhani inanso. Mukhoza kudandaula zonse, koma lembani chilichonse pachokha: miyezi yakutiyakuti sanapereke, zonse pamodzi ndi zakuti, kenako pempho lokweza.

2. Tchulani chimene chasintha

Majisitireti adzafunsa funso limodzi lalikulu: kuchokera tsiku lija tinagamula, chasintha n'chiyani? Yankho lanu likhale lomveka ngakhale kwa munthu amene sakukudziwani.

Pogamula za ndalama ya mwana, lamulo limauza khoti kuti liyang'ane zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chawo, ngati pali chovuta chimene chikulepheretsa kholo kupeza ndalama monga matenda kapena ulumali, ana ena amene khololo likusamala, ndiponso kukwera mtengo kwa zinthu kudera kumene mwanayo akukhala. Kusintha kumene mukukanena kuchokere m'zinthu zimenezi.

Kukhoza kukhala kwa mwana: anali woyamwa, pano ali sitandade 3, wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, wapezeka ndi khunyu, mphumu kapena sickle cell ndipo mwezi uliwonse mumayenda naye kuchipatala chachikulu. Kukhoza kukhala kwa inu: ntchito yatha, geni yagwa, munda unakokoloka ngati mmene zinachitikira m'maboma akummwera ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Kukhozanso kukhala kwa bamboyo: nthawi ija anali wongoyenda ndi maganyu, pano walembedwa ntchito m'boma, wakwezedwa, kapena wagula minibasi. Kukwera kwa mitengo nakonso ndi chifukwa chokwanira, koma musangoti "zinthu zadula". Aliyense m'khotimo, ngakhale wodandaulidwayo, amagula pamsika womwewo. Sonyezani mmene kudulako kwakhudzira mbale ya mwana wanu.

Pali zina zimene zimapweteka mtima koma si zifukwa. Kuti anakwatira mkazi wina, kuti anachititsa ukwati waukulu, kuti sayimba foni pa tsiku lobadwa la mwana: khoti silikweza ndalama pofuna kulanga munthu. Mukayamba ndi zimenezi, majisitireti amayamba kuona mkangano wa akuluakulu awiri ndipo mwana amabisika kumbuyo kwa mkanganowo.

3. Gulani kope

Apa ndiye pagona mlandu wonse, ndipo ndikupemphani kuti musathamangepo. Anthu ambiri amene amabwerako kukhoti manja ali m'khosi si kuti analibe chifukwa. Anafunsidwa kuti "mukufuna zingati?" n'kuyankha kuti "zomwe khoti lingaone", kapena anatchula ndalama yaikulu imene sanathe kuifotokoza.

Gulani kope wamba la ana asukulu. Kwa mwezi wathunthu, kapena iwiri ngati mungapirire, lembani tsiku ndi tsiku chilichonse chimene mwagulira mwanayo: tsiku, chinthu, mtengo. Pamsika sapereka lisiti ya bonya, tomato kapena makala, n'chifukwa chake kopelo likufunika. Kope lolembedwa tsiku lililonse, lokhala ndi zofufutafufuta zake, limakhulupirika kusiyana ndi pepala loyera lolembedwa usiku woti mawa ndi mlandu. Pamene pali lisiti, monga kusukulu, kufamase, kwa eni nyumba kapena pogula mayunitsi a magetsi, sungani m'jumbo kuti isanyowe. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musafufute, chifukwa amasonyeza zimene mwalipira komanso zimene bamboyo wakhala akutumiza. Kabuku ka kuchipatala ka mwana ndi kalata ya fizi yochokera kusukulu zikhale m'jumbo momwemo.

Kenako phatikizani za mwezi umodzi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, inu mudzaika anu: chakudya K45,000, gawo la mwana pa lendi, madzi ndi makala K15,000, sopo, mafuta odzola ndi zovala K10,000, mankhwala ndi ulendo wa kuchipatala K6,000, zasukulu K20,000. Zasukuluzo muwerengere chonchi: ngati teremu imodzi imadya K80,000, materemu atatu ndi K240,000, mukagawa pa miyezi 12 ndi K20,000 pamwezi. Zonse pamodzi zakwana K96,000.

Mawu oti "gawo la mwana" ndawaika dala. Ngati m'nyumba muli anthu anayi, musaike lendi yonse pamutu pa mwana mmodzi. Wodandaulidwayo kapena loya wake akangogwira chinyengo chimodzi chotere, manambala anu ena onse, ngakhale oona, amayamba kukayikitsa.

Pomaliza lembani zimene inu mumapeza ndi zimene mungathe kuikapo. Udindo ndi wa makolo onse awiri, ndipo khoti limafuna kuona kuti mukudziwa zimenezo. Ngati pa K96,000 ija inu mukhoza kukwanitsa K36,000 kuchokera ku geni yanu ya mandasi kapena kaunjika, pempho lanu ndi K60,000. Imeneyo ndi nambala yokhala ndi miyendo, yoti ikakankhidwa siigwa. Musachite manyazi kunenanso ntchito imene siilembedwa pa lisiti: ndinu amene mumaphika, kuchapa, kugona pansi m'chipatala mwana akagonekedwa, ndi kutseka geni tsiku limenelo. Ngati munalowa ngongole ku banki m'khonde kapena kwa wakatapila chifukwa cha fizi kapena matenda a mwana, tengani umboni wake.

4. Zimene bamboyo amapeza

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, amati "ndidziwa bwanji malipiro ake?" Simukuyenera kudziwa nambala yeniyeni. Nenani zimene mukudziwa motsimikiza: kumene amagwira ntchito, udindo wake, shopu yake ili pati, njinga zamoto za kabaza ali nazo zingati, nyumba za lendi zili kuti, fodya kapena soya amalima maekala angati. Mukatero pemphani khoti kuti limulamule kubweretsa payslip yake kapena sitetimenti ya kubanki. Khoti likhozanso kutuma a Social Welfare kuti akaone mmene mbali zonse ziwiri zikukhalira n'kulemba lipoti, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri ngati munthuyo ndi wabizinesi wopanda payslip.

Musabe foni yake, musatume mwana kukafufuza m'matumba mwa bambo ake, ndipo musapite kuntchito kwake kukachita phokoso. Munthu akachotsedwa ntchito chifukwa cha chipongwe chotere, woyamba kugona ndi njala ndi mwana wanu yemwe.

5. Yambani mwamuuza

Ngati n'zotheka, mulembereni kalata yaifupi kapena uthenga wa pa WhatsApp, wopanda mnyozo: "Bambo a uje, ndalama ija ya mu 2021 siikukwananso. Mwana pano amafuna K96,000 pamwezi, ine ndikwanitsa K36,000. Ndikupempha kuti muzipereka K60,000 kuyambira mwezi wamawa." Ankhoswe kapena a Social Welfare akhoza kukukhazikani pansi. Abambo ena amavomera akangoona manambala, chifukwa sanagulepo yunifomu chiyambire ndipo sankadziwa mtengo wake.

Akavomera, musasiyire pakamwa. Lembani, musainirane, mupite nalo kukhoti kuti pangano latsopanolo likhale chigamulo. Mukapanda kutero, tsiku limene mudzayambane adzabwerera ku K30,000 ija, ndipo pepala la khoti lidzakhala kumbali yake. Akakana kapena akangokhala chete, uthenga wanu uja usungeni, ukasonyeza kuti munayesa mwamtendere.

Koma ngati munthuyo ankakumenyani kapena amakuopsezani, sitepe iyi idumpheni. Palibe chokukakamizani kukakumana naye panokha. Uzani a khoti kapena a Victim Support Unit za mantha anuwo, pakuti lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khoti kupereka chiletso chokutetezani.

6. Kukapereka pempho

Pitani kukhoti lomwe linapereka chigamulo choyamba. Milandu yotereyi imapita kukhoti la ana, Child Justice Court, ndipo kumene kulibe nyumba yakeyake ya khoti la ana, khoti la majisitireti la pabomapo ndi limene limamva. Ngati munasamukira kutali, funsani kalaliki wa khoti lapafupi ngati fayilo ingasamutsidwe.

Muuzeni kalaliki kuti mwabwera kudzapempha kusintha chigamulo cha chisamaliro cha mwana, ndipo mumupatse nambala ya mlandu. Mudzafunika kufotokoza zifukwa zanu molemba, nthawi zambiri m'chikalata cholumbirira chija amati afidaviti. Lembanimo zoona zokhazokha, chifukwa kunama utalumbira ndi mlandu. Mapepala anu muwachititse fotokope, enieniwo akhale ndi inu. Ndalama iliyonse imene mwalipira pakhoti, funsani lisiti ya boma.

Khoti lidzatulutsa samani yoitana bamboyo. Apa milandu yambiri imaima miyezi, chifukwa samani ikapanda kumufika m'manja mlandu sungayambe. Perekani malo enieni: dera, chizindikiro chapafupi monga tchalitchi kapena chigayo, kumene amagwira ntchito, nambala ya foni ndi nthawi imene amapezeka. Pakapita masiku angapo bwereraninso mukafunse ngati yaperekedwa.

Simukakamizidwa kukhala ndi loya, ndipo amayi ambiri amadziyankhulira okha. Koma ngati mnzanuyo wabwera ndi loya, kapena nkhani yake ili ndi chuma chobisika, pitani ku Legal Aid Bureau. Ndi bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Mabungwe monga Women Lawyers Association ndi WOLREC amathandizanso amayi pa nkhani zamalamulo. Nambala ya foni yaulere ya 116, yothandiza pa nkhani za ana, ikhoza kukulozerani kumene mungayambire.

7. Tsiku la mlandu

Fikani m'mamawa, jumbo ya mapepala ili m'manja. Mwana musamujombetse kusukulu pokhapokha khoti litamuitana. Yankhulani m'Chichewa kapena chiyankhulo chimene mumamasuka nacho, womasulira amakhalapo. Mawu anu alunjike kwa majisitireti, osati kwa bamboyo, ndipo ayende motere: chigamulo chinali chakuti, chasintha ndi ichi, mwana amafuna zakuti, ine ndimaikapo zakuti, ndikupempha zakuti, umboni ndi uwu.

Konzekerani mayankho amene amabwera kawirikawiri. Akati "ndinakwatira, ndili ndi ana ena", dziwani kuti khoti liwawerengera ndithu anawo, pakuti nawonso ndi ana. Koma kubadwa kwa ana ena sikuchotsa woyamba pa mndandanda. Chimene mungapemphe ndi chakuti wanuyo asakhale wodya zotsala.

Akati "kwathu ana ndi a kuchikazi, awasamale amalume awo", musatekeseke. Mwambo wa mbumba ndi weniweni ndipo amalume ali ndi malo awo aulemu, koma lamulo linaika udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana pa amene anamubereka.

Akati "ngati zikumukanika andipatse mwanayo", imeneyo ndi nkhani ina, yokhudza amene azikhala ndi mwana, ndipo ili ndi pempho lakelake. Khoti limayang'ana ubwino wa mwana, silipereka mwana kwa munthu pongoti ndiye ali ndi ndalama zambiri. Mawu amenewa amanenedwa nthawi zambiri pofuna kuti muchite mantha n'kusiya mlandu.

Akati "ntchito inatha", pemphani kuti asonyeze kalata. Ndikuuzeni zoona pano kuti musadzadzidzimuke: khomo limene mwalowera ndi lotsegukira onse. Ngati ntchito inathadi kapena akudwaladi, iyenso ali ndi ufulu wopempha kuti ndalama itsike, ndipo khoti likhoza kumumvera. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa mmene zinthu zilili kwa mnzanuyo musanasume. Komabe kusowa ntchito yolembedwa sikuthetsa udindo. Munthu amene akulima, akuchita geni kapena ali ndi nyumba ya lendi amayenera kuperekabe molingana ndi zimene akupeza.

Iye akamayankhula musamudule, ngakhale aname motani. Lembani bodzalo m'kope, nthawi yanu yomufunsa mafunso idzafika. Mlandu ukaimitsidwa, lembani tsiku latsopano musanatuluke, ndipo musajombe, chifukwa wodandaula akasowa mlandu ukhoza kuchotsedwa.

8. Pemphani chigamulo chomangika bwino

Kuchuluka kwa ndalama ndi mbali imodzi chabe. Pemphani kuti chigamulo chitchule tsiku la pamwezi loperekera, ndi njira yake. Njira yosiya umboni, monga akaunti ya kubanki kapena ya pafoni, iposa kupatsirana pamanja, chifukwa za pamanja zimabala "ndinakupatsa" ndi "sunandipatse".

Ngati bamboyo ali pantchito yolipidwa pamwezi ndipo ali ndi mbiri yozembazemba, pemphani kuti ndalamayo izidulidwa kumalipiro ake asanalandire. Lamulo limalola zimenezi, ndipo kwa ine iyi ndi njira imene imabweretsa mtendere kwambiri, chifukwa simukhalanso wopemphetsa mwezi ndi mwezi.

Chinanso chimene ndimalimbikitsa ndi kulekanitsa fizi ndi ndalama ya pamwezi. Chigamulo chikati bambo azilipira fizi, kapena gawo lakutilakuti la fiziyo, mwachindunji kusukulu, fizi ikakwera gawo lake limakwera lokha ndipo simufunika kubwerera kukhoti chaka chilichonse. Abambo amene amadandaula kuti ndalama yawo "imadyedwa" amavomeranso njira imeneyi msanga. Chimodzimodzi ndi mabilu akuchipatala: pemphani kuti chigamulo chinene mmene muzigawana.

Chigamulo chikaperekedwa, tengani pepala lake lodindidwa. Ngati muli lamulo lodula kumalipiro, tsatirani mpaka mutatsimikiza kuti lafika kwa owerengera malipiro kuntchito kwake. Akayamba kuzemba, musadikire chaka, bwererani kukhoti ndi mndandanda wa miyezi imene sanapereke. Ndipo musamuletse kuona mwana pofuna kubwezera, chifukwa mwanayo ali ndi ufulu wodziwa makolo ake onse awiri, ndipo kuletsako kukhoza kukutembenukirani.

Ngati pempho lakanidwa kapena ndalama yakwera pang'ono kwambiri, mukhoza kuchita apilo ku High Court. Nthawi yochitira apilo imakhala yochepa, ndiye funsani kalaliki kapena a Legal Aid tsiku lomwelo. Nthawi zina chanzeru n'kulandira zimene zaperekedwazo, kupitiriza kulemba m'kope, n'kudzabweranso zinthu zikasinthanso, monga mwana akamalowa fomu 1.

Bambo akakhala kuti ali ku Joni kapena dziko lina, nkhani imatalika chifukwa samani iyenera kumupeza ndipo chigamulo chiyenera kutsatidwa kunja kwa malire. Musayende nokha pamenepa, yambirani ku Legal Aid Bureau. Sungani malisiti a Mukuru kapena njira ina iliyonse imene amatumizira ndalama, ndipo uzani khoti za katundu amene ali naye kuno kumudzi, kaya ndi nyumba, galimoto kapena shopu.

Kumbukiraninso msinkhu wa mwana. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo chigamulo cha chisamaliro chimathera pamenepo. Koma ana athu ambiri amakwanitsa zaka 18 akadali fomu 3 kapena fomu 4, ena akungoyamba kumene koleji. Lamulo limalola khoti kupitiriza chisamaliro ngati mwanayo akadali pasukulu kapena akuphunzira ntchito. Musadikire kuti tsiku lobadwalo lidutse ndi ndalama iime. Tengani kalata ya kusukulu yosonyeza kalasi imene ali, mukapereke pempholo kudakali miyezi ingapo.